Mabuku Amene Chiswe Sichinawapeze

Abusa, akulu a mpingo, amayi anzanga ndi abambo nonse, ndakupatsani moni m'dzina la Ambuye Yesu. Ameni wanuyo amveke ndithu, chifukwa khutu lakumanzereli layamba kutopa. Inunso achinyamata mwakhala kumbuyoko, makadii, muli bwanji? Ndikudziwa kuti Chichewa mumachimva bwinobwino, koma chikafika pakamwa chimakuotchani ngati mbatata yongophula kumene. Musadandaule. Ine ndine mphunzitsi, ndilankhula pang'onopang'ono.

Dzina langa ndine Feliya Mbewe. Koma kuno ku Chiwaridzo mukafunsa dzina limenelo, anthu angokuyang'anani. Mufunse kuti Mai Gezamaoko amakhala pati, ngakhale kondakitala wa kombi, minibasi ya kuno, akulozerani nyumba. Dzinali anandipatsa ndi ana a sukulu, ndipo m'Chichewa chathu ndiye kuti Mayi Sambani-m'manja. Ndinalinyamula monyadira zaka zambiri. Lero ndaima pano kuti ndikuuzeni mmene Mulungu anandivulira kunyada kumeneko.

Ine ndinabadwira mu komboni ya mgodi. Bambo anga anachoka ku Dedza wapansi ali mnyamata, n'kudzagwira ntchito pansi pa nthaka, yowola miyala ndi fosholo. Sankadziwa ngakhale chilembo chimodzi. Koma abale, sindinaonepo munthu wolemekeza pepala ngati bambo anga. Chitupa chawo, khadi la ku mgodi, makalata ochokera kumudzi, zonsezo ankazikulunga m'nsalu, n'kuzitsekera mu sutukesi yachitsulo pansi pa bedi. Akafuna kuti ndiwawerengere kalata, ankayamba iwo kusamba m'manja, kenako ine. Ankati, “Mwanawe, kuno ndife alendo. Mlendo wopanda pepala ndi nkhuku yosokera, aliyense amaithamangitsa. Ikona kugwira ndi manja akuda.” Azigogo muli pano mukuchikumbuka Chilapalapa chimenecho. Ikona ndiye kuti ayi, ndipo akamveka, nkhani yatha.

Ndinakula nazo zimenezo. Pepala ndi losamala. Pepala ndi lotsekera.

Mulungu anandikomera mtima, ndinaphunzira. Ndinapita ku koleji, ndinabwerera kudzaphunzitsa pa sukulu yomweyo imene ndinaphunzirapo, pafupi ndi mgodi. Ndinayamba ndi Giredi 4. Patapita zaka ziwiri anandipatsanso laibulale, chifukwa aphunzitsi anzanga onse ankaithawa. Iwo ankaona ntchito yowonjezera, ine ndinaona ufumu. Abale, ndinaikonda ntchito imeneyo. Buku latsopano likabwera ndinkayamba ndalinunkhiza. Ndinkalikuta ndi pulasitiki, kulidinda chidindo cha sukulu, kulemba nambala pamsana pake ndi dzanja langali. Likang'ambika ndinkalisoka ndi singano ndi ulusi, mmene mayi amasokera kabudula wa mwana.

Pakhomo ndinaika beseni la madzi ndi sopo. Mwana aliyense asanalowe, asambe. Akasamba, andionetse manja, kuno ndi kuno, mpaka m'zikhadabo. Ndikapeza kadothi, bwerera. Ndinkati ndikuphunzitsa ana ukhondo, ndipo ndinkagona tulo tabwino.

Kenako zinthu zinasintha, inu nonse mukudziwa. Ntchito ku mgodi inachepa. Azibambo ndi azimayi anatsikira ku Kitsiyatota kukachita chikorokoza, kukumba ndi kutsuka dothi kufunafuna golide. Ana ankathandiza makolo awo Loweruka, Lolemba n'kubwera ku sukulu manja ali psuu. Dothi la kumeneko silimva sopo. Mabuku nawo anayamba kusowa limodzilimodzi. Ndikawerenga pa shelefu, pali mpata. Mtima wanga unkawawa ngati andizula dzino.

Patapita zaka zambiri zinthu zili choncho, anthu ena akufuna kwabwino anatitumizira mabuku atsopano, makatoni ambiri ndithu. Mabuku okongola, a zithunzi, a sayansi, a nkhani. Ndinayang'ana mabukuwo. Ndinayang'ana manja a ana. Ndinati ayi, si nthawi ino. Ndinawakuta onse, ndinawalemba manambala, ndinawabwezera m'makatoni. Ndinaonjezeramo ndi akale amene anali abwino kwambiri. Ndinamata ndi selotepi, ndinasanja pansi m'kachipinda kosungiramo katundu kuseri kwa laibulale, ndinafunditsa tenti, ndinakhoma loko. Pa mashelefu ndinangosiya otha ntchito. Mumtima ndinati zinthu zikadzakhala bwino, ana akadzakhala aukhondo, ndidzatulutsa.

Amuna anga, a Mbewe, awo akhala apowo akudziyang'anitsa pansi, anali okonza makina ku mgodi. Anandichenjeza. Anati, “Amayi, kwathu ku ntchito makina mukawaimitsa ndi pamene amafa. Mabuku anuwo muziwatulutsako apume mphepo.” Ine ndinati, “Bambo, inu dziwani za masipanala.” Paja akuti wakutsina khutu ndi mnansi, koma ine khutu langa linali louma ngati chikopa.

Zaka zisanu ndi chimodzi, abale. Ndinkatsegula loko, kukweza tenti, kuona makatoni ali ndondondo mmene ndinawasiyira, n'kutsekanso. Sindinadulepo selotepi ngakhale kamodzi. Ndinkati mpweya ungalowe.

Kunabwera ahedi atsopano, munthu wabwino, wosakonda zolankhulalankhula. Anapeza ana achuluka, ena akuphunzirira pansi pa mtengo. Tsiku lina anandiitana mu ofesi. Anati, “Medemu, chipinda chanu chija ndi chachikulu, koma ndikadutsa ndimapezamo inu nokha ndi beseni. Ndikufuna kuikamo kalasi.” Magazi anga anawira. Ndinati, “Ahedi, inu simunaone chuma chimene ndikusunga. Itanani komiti ya makolo, ndidzakuonetseni. Mukadzaona, simudzayankhulanso za kalasi.” Iwo anati, “Zvakanaka, chabwino. Mukationetsa laibulale yamoyo, chipinda ndi chanu.”

Linali Lachitatu m'mawa. Ndinavala suti yanga yabuluu, ija ndimavala pa maukwati. Ahedi analipo, makolo a komiti analipo. Ndinatsegula loko ngati munthu wotsegula banki. Ndinachotsa tenti. Ndinagwira katoni yoyamba kuti ndiikoke, koma inakana, inali itamatirira pansi. Ndinadula selotepi.

Dothi, abale.

Dothi lokhalokha. Chiswe chinalowera pa mng'alu wa simenti, chinakwera m'kati mwa makatoni, chinadya mwakachetechete, kunja n'kusiya bwinobwino. Mapulasitiki aja ndinakuta ndi manja anga anali chiimire m'mizere, manambala anga ali pamsana ooneka bwino, koma m'kati mulibe buku. Ndinatsegula yachiwiri. Dothi. Yachitatu. Dothi. Ndinang'amba zonse ngati wamisala, suti yanga ili mbuu. Bambo wina wa komiti anangoti, “Muchenje,” ndiye chiswe m'chinenero cha kuno, n'kuvula chipewa ngati ali pa maliro.

Ahedi sanandikalipire. Bola akanandikalipira. Anangofunsa motsitsa mawu kuti, “Medemu, mabuku amenewa ana anawerengako?”

Ndinati, “Ayi.”

Anati, “Ngakhale limodzi?”

Ndinapukusa mutu.

Sabata yotsatira laibulale inasanduka kalasi ya Giredi 3. Mabuku otha ntchito aja anawaunjika pakona mu ofesi. Ku msika nkhani inali ine. Ena ankati ndinagulitsa mabuku n'kuthira dothi m'makatoni. Ena ankangoseka. Amene ankaseka ndi amene ankandipweteka kwambiri, chifukwa ambiri mwa iwo ndinawaphunzitsa ndine kulemba dzina.

Sipanathe mwezi, ndinagwa m'kalasi choko chili m'manja. BP inakwera, kukamwa kunapotoka, dzanja lamanjali linafa. Kuchipatala anati ndi sitiroko yaing'ono. Yaing'ono kwa iwo. Ndinabwerera kunyumba wosatha kumanga ngakhale duku.

Apa ndiye ndiulule pamaso pa mpingo. Ndinakwiyira Mulungu. Ndinasiya kubwera kuno. Ndinasiya kwaya, ine amene ndinkaimba alito kuyambira ndili mtsikana. Ndinkati, “Ambuye, sindinabe. Sindinaledzere. Ndinangosamala zinthu za ana. Malipiro ake ndi amenewa?” Amayi a mpingo munabwera kudzandiimbira nyimbo, a Mbewe n'kukuuzani kuti ndagona. Ndikhululukireni, ndinali m'maso. Ndinkamva zonse, nkhope nditalozetsa kukhoma. Dimba langa la chinangwa, lija anansi athu amandiseka nalo kuti ndimadya masamba a mtengo, linamera udzu mpaka m'chiuno. Pepala lililonse sindinkafuna kuliona. Ndinkadzifunsa funso limodzi tsiku lonse: zaka zonsezi ndagwira chiyani? Yankho linkabwera lomwe lija. Dothi.

Koma Mulungu ndi wabwino, abale. Nenani Ameni. Mulungu ndi wabwino, ndipo akafuna kutuma munthu safunsa kuti wavala chiyani.

Tsiku lina masana ndinali pakhonde, a Mbewe atandikhazika padzuwa ngati ufa. Ndinamva pageti odi wa kuno, “Tisvikewo?” Ndinaona mayi wa zaka za m'ma sate, wavala ovolosi ndi magambutsu, matope mpaka m'mawondo, jumbo ili kukhwapa. Ndinaganiza kuti akugulitsa nsomba. Ndinati sitigula. Iye analowabe, anagwada pansi pa sitepe, anaomba m'manja.

Anati, “Maswera sei, Medemu? Ndini Tariro. Munandiphunzitsa Giredi 4. Chichewa changa ndi chothyokathyoka, mundipirire.”

Sindinamukumbuke. Ana amene anadutsa m'manja mwanga ndi ambiri. Iye anati, “Ine ndikukukumbukani. Tsiku lina ndinasamba pa beseni lanu katatu. Katatu konse munandibweza. Munati ndidzabwere manja akadzayera. Medemu, ndinali nditatsuka dothi ndi amayi anga ku Kitsiyatota, manja akanayera bwanji? Onani, mpaka lero sanayere.”

Anatambasula manja. Ine ndinayang'ana kumbali.

Kenako anatsegula jumbo ija, n'kutulutsa buku. Buku lalikulu la mapu a maiko. Chikuto chinali chitachoka, wina anachisoka ndi ulusi wa thumba la feteleza. Masamba ake anali ofewa ngati nsalu yakale. Koma pa tsamba loyamba panali chidindo cha sukulu, ndi nambala yolembedwa ndi dzanja langa. Ndinalikumbuka buku limenelo. Litasowa ndinaimitsa kalasi yonse padzuwa.

Tariro anati, “Ndakariba, Medemu. Ndinaba ndine. Ndinalowera pawindo nthawi ya buleki. Ndine urombo, pepani.”

Ndinafunsa ndi pakamwa panga popotoka kuti, “Unaberanji?”

Anati, “Sekuru anga, agogo aamuna, ankadwala chifuwa cha ku mgodi. Tsiku lililonse ankanena za kwawo ku Ntcheu, koma ife tinkangoseka, tinkayesa ndi nthano. Ine ndinawauza kuti ku sukulu kuli buku loonetsa maiko onse. Anati, kanditengere ndione njira imene ndinadzera. Ndinabwera kudzabwereka, inu munandibweza. Ndiye ndinaba.”

Anatsegula pakati. Abale, pa tsamba limenelo panali mzere wofiira wa chala. Unayambira ku Ntcheu, kutsika ku Tete, kuwoloka Zambezi, mpaka kuno kwathu. Chala chinadutsapo kambirimbiri mpaka pepala linachita kunyezimira. Pa Ntcheu penipeni panali pobooka. Tariro anati agogowo sankadziwa kuwerenga, iye ndiye ankawatchulira maina, iwo n'kumayendetsa chala, kumanena kuti apa tinagona, apa mnzathu anadwala, apa tinawoloka pa bwato. Anamwalira bukulo lili pamutu pa mphasa yawo. Pambuyo pake ana a Tariro anaphunziramo maina a mitsinje ndi mizinda, ndipo wamkulu tsopano ali ku sekondale, akuti akufuna kudzakhala woyeza malo.

Ndinaika chala changa chakumanzere pa mzere uja. Pang'ono pokha pamwamba pa pobooka paja panali Dedza. Njira ya bambo anga inali yomweyo. Ine mwana wawo, wosunga mabuku, ndinali ndi buku limeneli pa shelefu iwo ali moyo, koma sindinaganizepo zopita nalo kunyumba kukawaonetsa. Ndinkaopa kuti lingade.

Ndinalira, abale. Ndinalira kulira kumene sindinalire ngakhale tsiku la chiswe. Pamenepo ndi pamene Mulungu anandiyankha funso langa lija. Sanayankhe ndi bingu. Anandionetsa buku lakuda, long'ambika, lobedwa, ndipo linali lamoyo. Anga aja oyera, osungidwa bwino, anali manda. Ndinazindikira tchimo langa. Ndinakonda mabuku kuposa ana amene mabukuwo anawabwerera. Ndinkayang'ana manja, osayang'ana nkhope. Abusa, mukudziwa kuti m'Mawu a Mulungu muli munthu wina wofanana nane pa nkhani yokwirira zinthu. Musadzamulalikire ine ndilipo, ndamva kale.

Ndinati, “Tariro, dzuka pamenepo. Wopepesa ndine.” Iye anakana, ine ndinakakamira, tinakanganirana kupepesa mpaka a Mbewe anatuluka m'nyumba kudzaona kuti kwagwanji. Buku lija ndinamubwezera. Ndinati limeneli si la sukulu ayi, lili ndi manda a agogo ako m'kati.

Akunyamuka anaseka pang'ono, n'kunena kuti, “Medemu, handisi ndega. Sindili ndekha. Windo lija tinkalidziwa ambiri.”

Ine ndinkayesa nthabwala. Iye anakalemba uthenga pa gulu la pa foni la ana akale a sukulu yathu. Anati Medemu akudwala, mabuku awo anadyedwa ndi muchenje, aliyense amene ali ndi buku la chidindo chija abweze, palibe mlandu. Abale, sabata imeneyo geti lathu silinapume. Wina anabwera pa njinga ndi mabuku awiri. Wina anatumiza pa kombi kuchokera ku Wadzanai ku Shamva, atakulunga m'pepala la shuga. Namwino wina anabweretsa buku la thupi la munthu, akuti ndi limene linamuyambitsa. Wina ndi wapolisi tsopano, anabwera atavala yunifolomu, buku lobedwa lili m'manja, akuchita manyazi ngati mkamwini. Ndipo wina ali mu mpingo muno, amakhala kutsogolo, amatsogolera mapemphero. Sinditchula dzina. Iye ndi Mulungu akudziwana.

Ena analibe chobweza, koma anagula atsopano. Ena anabweretsa a ana awo. Pabalaza pathu panadzaza mpaka a Mbewe anasowa poika miyendo. Aliyense akabwera ankakhala pansi, kundiuza kumene bukulo linayenda, amene analiwerenga, amene analing'amba. Ine ndinkamvetsera, dzanja langa lakufali lili pamwendo. Tsiku lina ndinangoona ndatenga singano. Ndinasoka buku limodzi tsiku lonse, mokhotakhota ngati mwana wa Giredi 1. Mawa lake ndinasoka awiri. A dokotala amati ndi mafizo amene anadzutsa dzanjali. Ine sinditsutsana nawo, koma ndikudziwa Amene anandipatsa chifukwa cholidzutsira.

Nditabwerera ku ntchito, ahedi anati chipinda chija sangandibwezere, muli ana. Ndinati ndi zoona, musawatulutse. Anati chimene chilipo ndi takishopu yakale ya pageti, kachipinda kaja ankagulitsiramo maputi, mbuliuli zija. Ndinakalandira ndi manja awiri. A Mbewe anawotcherera mashelefu achitsulo, miyendo yake anaiika m'zitini za oyilo wakutha kuti chiswe chikabwera chidzabwerere. Sananene kuti paja ndinakuuzani. Anangoimba mluzu masiku atatu, zomwe ndi chimodzimodzi.

Kachipindako n'kakang'ono, mumalowa anthu atatu basi. Koma kali ndi windo lalikulu logulitsira, loyang'ana ku msewu. Ndiye amabwereka si ana okha. Amayi ochokera ku msika amaima. Makorokoza amaima, matope ali thupi lonse. Loweruka Tariro amanyamula katoni imodzi pa njinga kupita nayo ku Kitsiyatota, Loweruka linalo n'kubwera nayo. Ena amabwerera ali ndi mafuta, ena ali ndi dothi, lina linabwerera litalumidwa ndi mbuzi. Ndimapukuta, ndimasoka, ndimabwereketsanso. Ena sabwerera n'komwe. Poyamba mtima umafuna kuyamba zake zija, ndiye ndimauuza kuti khala pansi, mayi, linapita kumene likufunika.

Lero ndili bwino, abale. Mukundiona nokha. Kukamwa kunawongoka, mwina mopitirira, a Mbewe angachitire umboni. Mankhwala a BP ndimamwa osadumphitsa. Kwaya ndinabwerera, ngakhale mawu apamwamba ndimangotsegula pakamwa kuti anzanga andiphimbe. Chinangwa chinaphukanso, wofuna chigwada abwere ndi mbale yake. Ndikuphunzitsabe Giredi 4 m'mawa, masana ndili pawindo. Chaka chamawa ndipuma pa ntchito ya boma, koma ahedi ndawauza kale kuti pawindopo adzachita kundinyamula.

Ndikuthokoza Mulungu amene sananditaye pamene ine ndinamufulatira. Ndikuthokoza amayi amene munaimbira munthu wonamizira tulo. Ndikuthokoza Tariro, amene lero sanabwere chifukwa amapemphera kwina, koma wanditumizira moni. Ndikuthokoza amuna anga. Ngakhale chiswe ndachikhululukira, chinangogwira ntchito imene chinatumidwa.

Mwezi watha kunabwera oyendera sukulu. Mmodzi anasuzumira pawindo langa, n'kuona mashelefu ambiri ali mbee. Anandimvera chisoni. Anati, “Medemu, mabuku anu ndi omwewa basi? Ena ali kuti?”

Ndinati, “Bwana, ali pa shifiti.”

Ndiye inunso mukadutsa pageti la sukulu n'kuona mashelefu opanda kanthu, musandipepese. Mudziwe kuti tsiku limenelo Mayi Mbewe agwira ntchito. Ambuye alemekezeke. Ameni.